Buluku la Apongozi Anga

Kwathu ndi ku Dowa, kumene mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake ndipo mwamuna ndiye amabwera kudzamanga. Choncho pamene anandilowola n'kupita nane ku Mhuju, ndinkayesa kuti zondivuta zidzakhala Chitumbuka ndi mphepo yotsika ku Nyika. Chitumbuka ndinachitola pa mjigo, juzi ndinagula pa kaunjika. Chimene chinandiumitsa mutu chinali ulemu.

Kumeneko mkazi wa mwana wako amamutcha mkamwana, ndipo mkamwana ndi apongozi ake aamuna amakhala pabwalo limodzi koma osaonana m'maso. Tikakumana m'njira, ine ndinkapatukira kutchire n'kugwada chowafulatira mpaka atadutsa, kaya muli chisoso kaya muli linthumbu. Dzina lawo sindinkalitchula. Zovala zawo sindinkazikhudza. Tsiku lina mvula inagwa jekete lawo lili pachingwe, ine ndili ndekha pakhomo. Ndinaanula zanga zonse, ilo n'kulisiya likunyowa, mtima ukunditsutsa ngati ndaba. Madzulo apongozi aakazi anandiyamikira kuti ndinaleredwa bwino. Kwathu akanandifunsa ngati manja anga anathyoka.

Kuyankhulana kunali kodzera mwa munthu wina. Mwana wanga wamkazi atabadwa, ntchito imeneyi inamugwera asanamere ndi dzino lomwe. Apongozi ankaima chapatali n'kuuza khandalo lili kumsana kwanga kuti, "Uwauze amako mbuzi zalowa m'dimba." Ine ndinkazyolika n'kuyankha kuti, "Uwauze agogo ako ndamva." Nthawi zambiri mthengayo amakhala ali mtulo, dovu likuchucha paphewa panga, koma uthenga unkafika.

Apongozi aakazi anandiuza kuti pabanja pawo manyazi amenewa ali ndi mathero. Bambo akakhutira ndi mkamwana wawo, amabwera ndi nkhuku m'manja mwawo n'kumupatsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo amayankhulana ngati bambo ndi mwana. Iwo akuti nkhuku yawo anailandira ana atadzaza kale mphasa. Ine sindinaifulumire. Kunena zoona, ndinali nditayamba kukonda mwambowu, chifukwa munthu amene suyankhula naye sungayambane naye.

Apongozi aamunawo anali mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wa malaya osita ngakhale popita kudimba. Mowa sankaudziwa. Ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya tsidya la mtsinje, ndipo ntchito yawo inali ya m'mabalani, nyumba zazitali za njerwa zootchera fodya. Ankakwera m'mwamba, n'kuponda mwendo uku pamtengo, wina uku pamtengo, kumalandira fodya wamuwisi kuchokera kwa anzawo apansi n'kumamupachika. Ankabwerako zovala zili zakuda ndi phula la fodya. Mwamuna wanga anali atapita ku Joni kukasaka maganyu, choncho pakhomo ponse tinkadalira miyendo ya mdala ameneyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Inali nthawi ya dzinja, fodya akuthyoledwa, ndipo apongozi aakazi anali atapita kumaliro kunyanja, kwa abale awo. Masana ena ndikusankha nyemba ndinaona ngolo ikulowa pabwalo. Amuna awiri a ku esiteti anatsitsa apongozi, n'kuwagoneka pakhonde la nyumba yawo. Anandiuza kuti mtengo wa m'balani wathyoka, mdala wagwa kuchokera m'mwamba, ndipo kapitawo wati akayambe apuma kunyumba chifukwa thirakitala kulibe. Ndinawapempha kuti akhale andithandize. Anati kapitawo wawalamula kuti abwerere msanga ndi ng'ombe mtsinje usanadzaze. Anapitadi, osacheuka.

Pamudzi panalibe munthu. Aliyense anali kufodya. Ndinagwada chapatali monga mwa masiku onse, nkhope nditalozetsa kumpanda, koma khutu linkamva mmene ankapumira, ndipo nditaba diso ndinaona magazi akuyenda pakhonde mpaka kudontha pansi. Ankatuluka m'buluku, m'mwamba kwenikweni, m'mphechepeche. Ndinathamangira kwa aneba, ndinapeza zitseko zomanga ndi luzi. Nditabwerera ndinapeza nkhuku zayamba kujompha pamene panadontha magazi. Pamenepo ndi pamene ndinalowa m'nyumba mwanga kukatenga lezala, mchere ndi chitenje changa chatsopano.

Atandiona ndikuyandikira, anadziwa. Anayang'ana mwana kumsana kwanga n'kunena motsitsa kuti, "Uwauze amako asiye."

Ndinati, "Uwauze agogo ako agwire nsanamira."

Anaigwiradi. Anatembenuzira nkhope kukhoma n'kufunditsa maso ndi mkono winawo. Ndinang'amba buluku ndi lezala kuyambira pabondo mpaka m'chiuno. Kachidutswa ka mtengo wa bulugama, kotalika ngati chikhato, kanali katalowa m'kati mwa ntchafu. Ndinakazula. Ndinatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kuchotsamo tizinyenyeswa ta mtengo ndi ta masamba a fodya, kenako ndinamanga ndi chitenje mwamphamvu mpaka magazi analeka. Zimene ndinaona pamenepo mkamwana sayenera kuziona ngakhale kumaloto. Iwo sanabuule ngakhale kamodzi. Ine ndi amene ndinkalira, ndipo sindidziwa ngati anali mantha kapena manyazi. Nditatha ndinawafunditsa bulangete, ndinabwerera kukagwada kumpanda kuja, n'kumangoyang'ana manja anga.

Buluku lija linandisautsa. Kulichapa sindikanatha, chifukwa ndikanaliyanika kuti? Kulitaya kudzala ndinaopa, chifukwa nsalu ya magazi a munthu ikapezeka kwina, mafunso amagwera amene anaigwira komaliza. Ndinalikulunga pamodzi ndi kamtengo kaja m'jumbo, n'kulisomeka kudenga la khitchini yanga, kuti apongozi aakazi akabwera ndidzawapatse. Atabwera mawa lake, ndinawanong'oneza zonse. Anati nkhani imeneyi yafera pompano, ndipo za buluku asazimve n'komwe. Linakhala kudengako, utsi ukulipitirira.

Anthu a mpingo ananyamula apongozi aamuna kupita nawo kuchipatala cha pa Boma. Kumeneko anapeza kuti kuwonjezera pa bala, fupa la m'chiuno linali litasweka. Anagonako nthawi yaitali, ndipo anatuluka ndi ndodo ziwiri ndi mwendo umodzi wofupikirapo. Za m'mabalani zinathera pomwepo. Munthu wina wa kutchalitchi, mphunzitsi wopuma, ndiye anawauza kuti wovulala pantchito amayenera kulandira chipepeso, ndipo apite ku ofesi ya zantchito akalembetse. Mdala anapita ndi akazi awo. Ine ndinatsala ndi mbuzi.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa apongozi aakazi. Mkulu wa mu ofesiyo anafunsa mwatsatanetsatane: anagwa nthawi yanji, anafika bwanji kunyumba, ndipo amene anayamba kuona balalo n'kulimanga ndani. Akuti mdala anangoyang'ana ndodo zake. Mayiwo ndiye anayankha msanga kuti, "Ndine." Mdala sanatsutse. Mkulu uja analemba, iwo anasainira, n'kubwerako mitima ili m'malo. Pondiuza, apongozi aakazi ankaoneka ngati andichitira chifundo chachikulu, ndipo nanenso ndinamva choncho. Ndinawathokoza ndi m'manja momwe.

Yankho linabwera mvula ina itayandikira, ndipo linali lokana. A esiteti anali atanena zawo: mdalayo tsikulo anaweruka yekha akudandaula m'mimba, ndipo ngati anavulala ndiye kuti anavulalira kwawo, mwina pokonza denga la nkhokwe. Amuna a ngolo aja anati sakukumbukira bwino. Sindiwada kwambiri, anali ndi ana oti adye. Koma chimene chinatigwetsa chinali china. Mkazi wa kapitawo anali pa maliro omwe aja kunyanja, ndipo anagona mphasa imodzi ndi apongozi aakazi. Choncho zinali zosavuta kusonyeza kuti mayi amene akuti anamanga bala tsiku langoziyo anali kutali, akuimba nyimbo za pasiwa. Ngati ananama pamenepo, a esiteti anatero, ndiye kuti nkhani yonse ndi yopeka.

Bodza lathu linali laling'ono, lophimbira ulemu basi, koma linameza choonadi chonse. Nkhani inafalikira m'mudzi kuti mkulu wa mpingo anafuna kudyera kampani ndi bodza. Palibe amene anawauza pamaso. Iwo okha anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi pamodzi ndi akulu anzawo, n'kumakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndodo atazigoneka pansi. Kenako analeka kupitako. Ankakhala pakhonde lomwe lija tsiku lonse, malaya osasita. Pakhomo zinthu zinayamba kutha chimodzichimodzi, mbuzi, njinga, wailesi. Dokotala anali atanena kuti chiunocho chikufunika kuchikonzanso kuchipatala chachikulu, apo ayi mwendo udzaumiratu, koma zoyendera ndi zokhalira kumeneko tikanazitenga kuti?

Mphunzitsi wopuma uja anabweranso n'kunena kuti kukanidwa si mathero, lamulo limalola kuchita apilo, koma tisagone nazo chifukwa nthawi yake ndi yochepa. Anaperekeza apongozi aakazi ku ofesi ija, ndipo ine ananditenga kuti ndiziwamasulira, popeza ulendo uno mu ofesiyo munali mkulu wina, wa kummwera, ndipo Chitumbuka chinkamupita pambali. Anali munthu wabwino, wotopa ndi mafayilo. Anatiuza mosabisa kuti apilo yopanda mboni yatsopano ndi kutaya nthawi. Pakufunika munthu amene anaona balalo tsiku lomwelo, lisanatsukidwe. Anafunsa ngati munthu wotereyo alipo. Ndinamasulira funsolo m'Chitumbuka. Apongozi aakazi anati palibe, ndipo ine ndinamasuliranso kuti palibe.

Tinabwerera pa minibasi. Ndinkapsa mtima, ndipo ndinkapsera aliyense: kapitawo, mtengo wodyedwa ndi chiswe, mwamuna wanga amene ankatumiza mabulangete m'malo mobwera, ndi mwambo umene unkalola munthu kulumala bola buluku lake lisatchulidwe. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ine ndinkaona lambe wathu akufa pang'onopang'ono pakhonde. Komabe ndikaganiza zoimirira pagulu n'kunena zimene manja anga anachita, ndinkabwerera m'mbuyo. Ndinkadziwa amayi a pa mjigo. Ndinkadziwanso kuti kwa iwo ndidzakhala Mchewa uja wopanda mwambo mpaka imfa.

Nditatsimikiza mtima kuti ndikachitira umboni, ndinayamba ndi mwamuna wanga. Masiku amenewo mafoni am'manja anali atangofika ku Mhuju, ndipo tinkaimbira pa kagolosale kena, mwini wake ali pomwepo kutchera khutu. Ndinapita kuseri kwa golosaleyo n'kumuuza zonse. Kenako anafunsa kuti, "Munawavula adada, inuyo?" Ndinati eya. Anapumira m'mwamba, n'kunena kuti iye ali kutali, ndichite chimene ndikuona. Sanandithokoze, sanandikalipire. Mawu akewo ndinayenda nawo mpaka kunyumba, nkhope ikutentha ngati ndagwidwa ndi mwamuna wina.

Apongozi aakazi anakana kwamtuwagalu. Anati ndikufuna kuwavula amuna awo kachiwiri, ulendo uno pamaso pa dziko. Ndinawayankha mwaulemu kuti dziko lawavula kale powatcha abodza. Tinakangana chonong'ona m'khitchini, koma nyumba za kumudzi zilibe chinsinsi. Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mdala anaitana mwana wanga, amene tsopano ankayenda ndipo ankatchula mawu angapo. Anamukhazika pabondo labwinolo, ine ndili chapatali ndikupeta. Anamuuza mokweza pang'ono kuti, "Uwauze amako, walira mvula walira matope. Ngati iwo angapirire matope, ine ndipirira." Mwana anangoseweretsa batani la malaya awo. Ine ndinati, "Uwauze agogo ako ndamva."

Tinalembetsa apilo. Tsiku lake litafika tinapita pa Boma, m'chipinda cha khoti. Ndinkayembekeza kuti mudzakhala anthu ochepa, koma mabenchi anali odzaza ndi odikira milandu yawo, ndipo ena ndinkawadziwa nkhope, a ku Mhuju komweko. Kutsogolo kunali majisitireti, bambo wa magalasi. Mbali ina kunali woimira esiteti, wa suti, wochokera ku Mzuzu, ndi kapitawo pambali pake. Apongozi aamuna anakhala mbali inayo, malaya atasita, maso ali pa simenti. Ine ndinali ndi jumbo lija m'chikwama. Ndinalitsitsa kudenga m'mawa womwewo, lili lakuda ndi mwaye, ndipo njira yonse ndinkaona ngati aliyense m'minibasi akulimva fungo.

Atandiitana, ndinafuna kugwada, koma anandiuza kuti ndiimirire m'kabokosi. Kunali koyamba kuimirira apongozi anga atakhala pansi. Ndinapempha kuyankhula m'Chichewa, poganiza kuti mwina ena m'chipindamo sadzamva bwino. Ndinadzinamiza. Panali womasulira wa mawu ngati belu, amene ankatenga chiganizo changa chilichonse n'kuchibwereza m'Chitumbuka kuti mwini nkhani amve zonse. Choncho chilichonse chochititsa manyazi chinanenedwa kawiri, poyamba ndi ine chonong'ona, kenako ndi iye mokweza mpaka pakhonde.

Ndinafotokoza za ngolo, za magazi, za aneba amene kunalibe. Ndinayesa kudutsa msanga pa zinazo, ndinangoti ndinawathandiza. Wa suti uja anaimirira. Sanali wamwano, ankangogwira ntchito yake, koma ankadziwa bwino mwambo wa kuno ndipo ankadziwa pamene pali chilonda. Anafunsa kuti ndine ndani kwa odandaulawo. Ndinati mkamwana. M'chipindamo munamveka kung'ung'udza. Anafunsa ngati mkamwana amaloledwa ngakhale kuwapatsa moni apongozi ake. Ndinati ayi. Ndiye anati akhoti akhulupirire bwanji kuti munthu amene sangapereke moni anakamanga bala, pomwe banja lomweli linanamapo kale za amene analimanga?

Majisitireti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, bala linali pati?"

Ndinati pamwendo.

"Mwendo ndi wautali. Lozani pathupi panu."

Ndinaloza. Dzanja langa ndinaliika pamene panali balalo, m'kati mwa ntchafu, m'mwamba. Mayi wina kumbuyo anati "aa" chapansipansi, ndipo wina anamuletsa. Majisitireti anafunsa ngati ndinaliona ndi maso anga, ndipo ndinafika bwanji pamenepo munthu atavala. Ndinati ndinang'amba buluku ndi lezala mpaka m'chiuno. Womasulira anazibwereza. Sindinayang'ane kwa apongozi, koma ndinamva ndodo yawo imodzi ikugwa pansi, ndipo palibe amene anaitola.

Wa suti anati awa ndi mawu chabe, ndipo mawu a banjali tawaona kale. Apa mtima wanga wa ku Dowa unadzuka. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa jumbo, n'kumasula. Ndinalikweza bulukulo m'mwamba ndi manja awiri kuti onse aone: mwendo umodzi wong'ambidwa bwinobwino ndi lezala, magazi ouma, ndi phula la fodya wamuwisi lomata kuyambira m'mawondo mpaka m'matumba. Ndinaikanso patebulo kamtengo ka bulugama, kakuda mbali imodzi ndi kutentha kwa m'balani, m'kati muli mabowo a chiswe. Ndinati pakhomo pathu sitilima fodya, ndipo nkhokwe yathu ndi ya nsungwi, aliyense akhoza kupita kukaona. Ukali unandithera pomwepo, ndipo ndinazindikira chimene ndinali kuchita. Ndinali nditaimirira pamaso pa anthu a ku Mhuju, nditanyamula buluku la apongozi anga ngati wogulitsa pa kaunjika. Ndinalakalaka simenti itang'ambika.

Majisitireti anatembenuza kamtengoko ndi cholembera, kenako anafunsa kapitawo kuti mitengo ya m'mabalani awo ndi ya mtundu wanji. Kapitawo anatafuna mawu, koma anavomera kuti ndi bulugama. Kenako anafunsa apongozi anga chifukwa chimene anasainira kuti anawamanga ndi akazi awo. Mdala anaimirira ndi ndodo imodzi. Anati, "Bwana, ndinanama. Ndinaopa kumuchititsa manyazi mwana wa eni ake." Anakhala pansi. Majisitireti analemba nthawi yaitali, ndipo pamapeto pake ananena kuti wakhutira kuti ngoziyo inachitikira pantchito, chigamulo chokana chija chafafanizidwa, ndipo dokotala ayeze kulumalako kuti chipepeso chiperekedwe. Bulukulo linatsala kukhoti ngati umboni, atalimata kapepala.

Tinapambana, koma palibe amene anasangalala. M'minibasi mdala anakhala kutsogolo chifukwa cha mwendo, ine kumbuyo kwenikweni, apongozi aakazi pakati, aliyense akuyang'ana zenera lake. Nkhani inali itafika kale ku Mhuju ife tisanafike. Mawa lake pa mjigo macheza anaduka nditangotula ndowa. Mayi wina anandisiyira malo pamzere n'kunena kuti, "Apatseni njira adokotala." Anaseka ochepa, koma anaseka. Wina anandifunsa chonong'ona, ngati wondimvera chisoni, kuti ndinkagona bwanji ndi chinthu chotere kudenga. Ndinayamba kutunga madzi masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene pa mjigo pamakhala mbuzi zokha. Kutchalitchi ndinkalowa nyimbo itayamba n'kutuluka isanathe yomaliza. Apongozi aakazi ankandiyankha bwinobwino, koma maso awo ankandilambalala.

Ndinkadziuza kuti ndinachita bwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndi zoona, koma manyazi samva zimenezo. Mdala ndinkamuthawa kuposa kale. Ndikamva kugogoda kwa ndodo pabwalo, ndinkalowa m'nyumba n'kutseka. Ngakhale uthenga wodzera mwa mwana unatha, chifukwa sindinkakhala pafupi moti n'kuumva. Lamulungu lina ndinawaona kudzera pazenera akupita kutchalitchi, jekete lija lili pathupi, ndipo ndinamva kuti anakakhala kutsogolo ndi akulu anzawo. Ndinakondwa, komabe sindinatuluke.

Masana ena, patatsala pang'ono kuti apite kuchipatala chachikulu, ndinali kuseri kwa khitchini ndikutsuka mbale, mwana akusewera ndi matope pambali panga. Ndinamva ndodo, koma mochedwa. Anali atafika kale pakhomo langa, pamene sanapondepo chimangireni nyumbayo. Anali ndi ndodo imodzi yokha, chifukwa kukhwapa kwinako anapanira nkhuku yaikazi yofiira. Ndinagwada msanga n'kutembenukira kukhoma, manja ali thovu lokhalokha. Ndinadikira kuti aitane mwana.

Sanamuitane. Anati, "Mama."

Ndinkayesa kuti mwina akazi awo ali kumbuyo kwawo.

"Mama, ndikunena inu. Mwandivula pa wanthu." Anaima pang'ono, mpweya ukuwavuta chifukwa choyenda. "Kweni yewo. Yewo chomene. Nkhuku iyi yachedwa. Ikanabwera kale, sitikananama."

Ndinatembenuka ndili chogwada, maso ali pa nsapato zawo, imodzi yoikidwa chidendene chokwera. Ndinatambasula manja kuti ndilandire. Koma manja anali a sopo, moti nkhuku itangochoka kukhwapa kwawo inandipulumuka, n'kuthawira kumunda wa chinangwa ikulira. Mwana anadzambatuka n'kuithamangira, akukuwa mosangalala. Tinatsala awiri. Ndinayang'ana kumene mthenga wathu analowera, koma chinangwa chinali chitamumeza.

Apongozi anaimabe pomwepo, kudikira. Ndinafunafuna mawu aulemu, a Chitumbuka kapena a Chichewa, koma onse anathawa pamodzi ndi nkhuku. Ndinakweza maso mpaka pa bondo, kenako pa batani la malaya, kenako pankhope. Anali okalamba kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo maso awo anali ofanana ndi a mwana wanga.

Ndinati, "Mwendo uli bwanji, adada?"

Anayang'ana mwendowo, kenako anayang'ana ine.

"Ukupweteka, mama," anatero. "Ukupweteka chomene."

Ndinapukuta manja pachitenje, n'kulowa m'nyumba kukawatengera mpando.